Monte Cristo pa Kanema ndi Mlandu wa Minda ya Tiyi ku Thyolo

Pa nkhani zonse zimene zinalembedwa m'mabuku a ku Ulaya, ndi zochepa zimene opanga kanema azibwereza kambirimbiri ngati ya Edmond Dantès, mnyamata wogwira ntchito m'sitima yapamadzi amene anatsekeredwa m'ndende zaka 14 chifukwa cha kalata yabodza. Buku la nkhaniyi, The Count of Monte Cristo, analemba ndi Alexandre Dumas wa ku France mothandizana ndi Auguste Maquet, ndipo linkatuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya ku Paris kuyambira 1844 mpaka 1846. Chiyambire 1908, m'badwo uliwonse wajambula filimu yakeyake ya nkhaniyi. Mbiri ya mafilimuwa imamveka mwa mtundu wina tikaiyika pambali pa mbiri ya maesiteti a tiyi a ku Thyolo, chifukwa funso limene mafilimu ambiri amalizemba ndi lomwe anthu a m'bomali akhala nalo zaka zoposa 100. Munthu akakulanda ufulu, malo ndi zaka za moyo wako popanda chifukwa, n'chiyani chingakupepese?

Kalata yopanda dzina

Nkhani inayambira padoko la Marseille mu 1815. Dantès anali ndi zaka 19, atatsala pang'ono kukwezedwa kukhala woyendetsa sitima yotchedwa Pharaon, ndipo ukwati wake ndi Mercédès unali pafupi. Danglars ankasirira udindowo, Fernand ankafuna mkaziyo. Awiriwa anamukonzera kalata yopanda dzina yomuneneza kuti ndi mthenga wa Napoleon, yemwe panthawiyo anali atapirikitsidwira pachilumba cha Elba. Woimira boma pa milandu, Villefort, anaona yekha kuti mnyamatayo sanalakwe. Koma atazindikira kuti kalata imene Dantès anatumidwa kukatula inali yopita kwa bambo ake a Villefort yemweyo, anaitentha, n'kulamula kuti mnyamatayo akatsekeredwe ku Château d'If, ndende ya pachilumba. Mlandu sunazengedwe, mboni sinaitanidwe, chigamulo sichinaperekedwe. Munthu mmodzi anangosaina pepala pofuna kuteteza ntchito yake. Bambo ake a Dantès anafa ndi njala mwana wawo ali m'chitokosi.

M'ndendemo anakumana ndi wansembe wokalamba, Faria, amene ankakumba njira yothawira koma n'kukatulukira m'chipinda cha Dantès. Mkuluyo anamuphunzitsa zilankhulo, masamu ndi mbiri ya maiko, anamuthandiza kuzindikira amene anamupereka, ndipo anamuuza za chuma chobisika pachilumba cha Monte Cristo. Faria atamwalira, Dantès analowa m'thumba limene anasokeramo mtembo, alonda n'kumuponya m'nyanja. Anapulumuka, anachipeza chumacho, ndipo patapita zaka anatulukira ku Paris ali mpondamatiki woopedwa, adani ake osamuzindikira.

Mapeto a bukuli ndi owawa kuposa mmene ambiri amawakumbukirira. Fernand anadziwombera atayalutsidwa pagulu. Villefort anachita misala mkazi wake atadzipha ndi poizoni pamodzi ndi mwana wawo wamng'ono, Édouard. Imfa ya mwana wosalakwayo ndi imene inamugwedeza Dantès mpaka kuyamba kukayika ngati analidi ndi mphamvu zoweruza anzake. N'chifukwa chake Danglars anamukhululukira atamulanda pafupifupi chuma chake chonse. Mercédès sanabwererane naye. Unyamata wawo unali utapita, ndipo chuma sichikanaugula.

Dumas sanangoipeka nkhaniyi. Anaipeza m'zolemba za Jacques Peuchet, wosunga makalata apolisi ku Paris, momwe munali nkhani ya wosoka nsapato wotchedwa Picaud, amene anzake anamunamizira mu 1807 n'kudzatuluka m'ndende mu 1814 ali ndi mtima wolipsira. Panalinso bala la m'banja. Bambo ake a wolembayo, Thomas-Alexandre Dumas, anabadwira ku Saint-Domingue, komwe lero ndi Haiti, kwa mayi wachikuda amene anali kapolo. Anakwera mpaka kukhala mkulu wa asilikali a France, koma mu 1799 anagwidwa ku Taranto n'kukhala m'ndende pafupifupi zaka ziwiri. Anatulukamo thupi litatheratu ndipo anamwalira mu 1806, mwana wake asanakwanitse zaka zinayi. Choncho nkhani yotchukayi inalembedwa ndi mdzukulu wa mayi wochokera ku mtundu wa ku Africa amene ankagwira ntchito yakalavulagaga m'munda wa mzungu.

Mmene kanema anaitsekemezera

Filimu yoyamba ya ku America inatuluka mu 1908, yaifupi ndi yopanda mawu, mbali ina itajambulidwa ku California. Mu 1913 kunabwera ina ya James O'Neill, katswiri wa zisudzo amene anakalambira pa udindo wa Dantès atauchita pansanja kwa zaka pafupifupi 30. Mu 1922 anasewera John Gilbert, ndipo mu 1929 Henri Fescourt anajambula yake ku France. Kanema wa mawu atafika, ya mu 1934 ya Robert Donat, yotsogoleredwa ndi Rowland V. Lee, ndi imene inakhazikitsa mwambo umene ambiri autsatira mpaka lero. M'filimuyi imfa ya mwana mulibe, adani amagwa mmodzimmodzi, ndipo pamapeto Dantès ndi Mercédès amabwererana.

Afalansa anapitiriza kujambula zawo. Jean Marais anasewera mu 1954, Louis Jourdan mu 1961, ndipo Gérard Depardieu mu 1998 anachita ya pa wailesi yakanema ya zigawo zinayi. Richard Chamberlain anachita ya Chingerezi mu 1975. Nkhaniyi inaolokanso malire. Ku Egypt anaijambula m'Chiarabu mu 1950, ku Japan anaisandutsa katuni mu 2004, ndipo ku Turkey sewero lotchedwa Ezel linatengera pomwepo mu 2009.

Imene achinyamata ambiri amaidziwa ndi ya mu 2002 ya Kevin Reynolds, momwe muli Jim Caviezel, Guy Pearce ndi Richard Harris. Imeneyi inasinthiratu zinthu. Fernand anasanduka bwenzi la ponda apa nane mpondepo, Albert mwana wa Mercédès anapezeka kuti ndi wa Dantès, ndipo mlandu wonse unathera pa ndewu ya malupanga. Wolakwiridwa anapeza mkazi, mwana ndi chuma tsiku limodzi. Ya mu 2024 ya Matthieu Delaporte ndi Alexandre de La Patellière, momwe Pierre Niney ndi Dantès, inabwerera pang'ono ku mtima wa bukulo. Ndi yaitali pafupifupi maola atatu, anthu oposa 9 miliyoni anaionera m'nyumba za kanema ku France, ndipo Dantès amachoka yekha.

Chifukwa chimene opanga kanema amasinthira mapeto n'chodziwika. Buku ndi lalitali, masamba oposa 1,000, pomwe filimu ili ndi maola awiri kapena atatu. Kuonjezera apo, munthu amene walipira pakhomo amafuna kutuluka mtima uli mbee, ataona woipa atalangidwa ndipo wozunzika atapepesedwa. Motero kwa zaka zoposa 100 kanema wakhala akuphunzitsa kuti kubwezera kumabweza zonse. Mbiri ya ku Thyolo ndi ya Malawi yense ikunena zina.

Ndende yopanda mpanda

Pakati pa 1892 ndi 1894, Harry Johnston, yemwe ankalamulira dziko lino m'dzina la Britain, anapereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu amene ankati anagula nthaka kwa mafumu. Malipiro ake nthawi zambiri ankakhala nsalu, mikanda ndi mfuti. M'mapiri a Shire, kuphatikizapo Thyolo, imene atsamunda ankailemba kuti Cholo, malo aakulu anagwa m'manja mwa makampani ndi anthu ochepa. Eugene Sharrer anali mmodzi mwa amene anatenga malo ambiri, ndipo mu 1902 malowo anapita ku British Central Africa Company. Poyamba ankalima khofi, kenaka thonje ndi fodya. Tiyi anakhazikika ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890 n'kudzafika ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923, ndipo m'zaka za m'ma 1930 tiyi anafalikira kwambiri, maina ngati Conforzi ndi Naming'omba n'kudziwika dera lonselo.

Munda wa tiyi umafuna manja ambiri, makamaka nyengo ya mvula pamene masamba akuphukira, nthawi yomwenso mlimi amafunika m'munda mwake. Manjawo anapezeka pamene Alhomwe ankalowa kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ofika kumenewa analibe malo awoawo, choncho ankaloledwa kumanga pa esiteti posinthana ndi thangata. Pamapepala, munthu ankayenera kugwira mwezi umodzi wolipirira malo ndi wina wolipirira msonkho. Koma tsiku linkawerengedwa pokhapokha kapitao atachonga tikiti, ndipo ngati mgwazo sunathe, tsikulo linkatayika. Miyezi iwiri inkatha kutambasuka mpaka inayi kapena kuposa. Amayi amasiye ndi amene amuna awo anali ku Joni kapena ku Harare nawonso ankakokedwa. Lamulo la mu 1928 linalola kuti munthu alipire ndalama m'malo mwa thangata, komanso linapatsa eni maesiteti mphamvu zothamangitsa gawo la anthu okhala pamalo awo zaka zisanu zilizonse popanda kupereka chifukwa. Banja linkatha kutaya nyumba, munda ndi manda a makolo popanda kuimirira pabwalo la milandu.

Mkwiyo woyamba unaphulikira ku Chiradzulu. Pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone, yemwe ankayang'anira esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero ndipo ankadziwika ndi nkhanza. Boma la atsamunda nalo linabwezera mopyola muyezo. Linanyonga ndi kuwombera anthu ambiri, linamanga mazana, ndipo tchalitchi cha ku Mbombwe linachigwetsa. Thangata anapitirira zaka zina 47.

Ku Thyolo kunavuta mu Ogasiti 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa anthu akuchikana. British Central Africa Company inali itakweza lendi, anthu ambiri anakana kulipira, ndipo makalata owathamangitsa anali atayamba kuyenda. Moto unabuka pa esiteti ina cha ku Luchenza pamene amuna awiri anagwidwa pa nkhani ya malalanje, mphekesera n'kufalikira kuti aphedwa. Anthu anatseka misewu ndi mitengo, anadula mawaya a lamya, ntchito m'maesiteti inaima, ndipo chipolowe chinafalikira m'maboma ena. Pomwe chinkatha, anthu 11 anali ataphedwa ndipo 72 atavulala. Zitatero boma linafulumira kugula malo ena kwa makampani n'kukhazikapo anthu, koma thangata anadzathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Wotuluka m'ndende atenga makiyi

Mu 1959 dziko lino linaona kalata yabodza yakeyake. Akazitape anauza boma kuti atsogoleri a Nyasaland African Congress apangana kupha azungu, amwenye ndi Amalawi ogwirizana ndi boma. Pa 3 Malichi Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo anthu oposa 1,000 anamangidwa osazengedwa mlandu. Ena anasungidwa ku Kanjedza ku Limbe, ena anatumizidwa ku Khami ndi ku Gwelo m'dziko la Southern Rhodesia. Anthu pafupifupi 50 anaphedwa, kuphatikizapo ambiri amene anafera padoko la Nkhata Bay. Komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi woweruza Patrick Devlin sinapeze umboni wa chiwembu chopha anthu mwaunyinji chimene boma linkanena.

Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala ku Gwelo miyezi 13 pamodzi ndi Masauko Chipembere ndi abale awiri, Dunduzu ndi Yatuta Chisiza. Anatuluka pa 1 Epulo 1960 dzina lake litakula kuposa kale. Filimu ikanathera pamenepa, kapena pa 6 Julayi 1964 mbendera yatsopano ikukwera. Koma patangotha miyezi iwiri chilandirire ufulu, nduna zinagawanika, ndipo malamulo omanga munthu popanda kumuzenga mlandu anabwerera. Chipembere anafera kunja mu 1975. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida. Dzeleka ku Dowa ndi Mikuyu ku Zomba anasanduka maina onenedwa monong'ona.

Amene anadutsamo anakhalamo zaka zimene ngakhale Dumas akanazengereza kulemba. Martin Machipisa Munthali anamangidwa mu 1965 n'kudzatuluka mu 1992, zaka 27. Sam Mpasu anatsekeredwa mu 1975 chifukwa cha buku lopeka limene analemba. Orton Chirwa, amene anayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959 Kamuzu ali ku Gwelo, anagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera mu Disembala 1981. Anawazengera mlandu kukhoti la mafumu kumene loya sankaloledwa, ndipo mu 1983 anawagamula kuti anyongedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton anamwalira kundende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992, ndipo Vera anatuluka mu Januwale 1993. Mlakatuli Jack Mapanje anatengedwa pa 25 Seputembala 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka Meyi 1991 osauzidwa mlandu wake. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo masauzande anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Monga zinalili ndi Dantès, nthawi zambiri chiyambi chinkakhala kaduka ka mnzako wa kuntchito ndi liu limodzi lonong'onezedwa kwa apolisi achinsinsi kapena apayoniya.

Ngakhale osunga makiyi sanapulumuke. Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamphamvu wa chipani, ndi Focus Gwede, mkulu wa apolisi achinsinsi, anamangidwa mu 1976. Muwalo ananyongedwa chaka chotsatira, ndipo Gwede anakalawa ndende zomwe ankatsekeramo anzake. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'zaka zonsezi maesiteti a ku Thyolo anakhalabe ndi zikalata zawo za malo, pomwe anthu m'midzi yozungulira ankachulukana n'kumagawana timinda ting'onoting'ono m'mphepete mwa tiyi.

Njira ya khoti ndi ngongole yotsala

Kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zinatsegula zitseko. Apa Amalawi anachita chinthu chimene mafilimu ambiri a Monte Cristo sasonyeza. Otuluka m'ndende sanatenge zikwanje. Vera Chirwa anayamba ntchito yoteteza ufulu wa anthu, makamaka akaidi ndi amayi. Mpasu ndi Mapanje analemba mabuku ofotokoza zimene anaona. Dzeleka inasanduka malo osungirako othawa kwawo. Nkhani ya Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983, inapita kukhoti. Mu Disembala 1995 khoti linapeza Kamuzu ndi John Tembo osalakwa, ndipo mwezi wotsatira Kamuzu anapepesa mtundu wa Amalawi pa zowawa zimene zinachitika mu ulamuliro wake.

Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 anakhazikitsa bwalo loona za chipukutamisozi ndipo analipatsa zaka 10. Anthu masauzande anakalembetsa, koma bwalolo linatsekedwa ambiri atangolandira kachigawo kochepa, ena osalandira kalikonse. Mu 2017 ofesi ya Ombudsman, pansi pa Martha Chizuma, inatulutsa lipoti lokumbutsa boma kuti ngongoleyi ikadalipo. Ya malo nayo sinathe. Kuyambira 2004, ntchito ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, kupita kumaboma monga Machinga ndi Mangochi. Otsala akulirabe, ndipo gulu la People's Land Organisation lotsogoleredwa ndi Vincent Wandale linatchuka pofuna malo osalimidwa m'maesiteti ndi malipiro a thangata wa makolo. Mlandu suola.

Filimu imene tikusowa

Kanema si mlendo m'dera lino. M'nthawi ya atsamunda galimoto zoonetsa kanema zinkayenda m'midzi ndi mafilimu ophunzitsa ulimi ndi kumvera boma. Pansi pa chipani chimodzi, bungwe lopima mabuku ndi mafilimu limene linakhazikitsidwa mu 1968 linkadula kapena kuletsa chilichonse chokayikitsa, ndipo wailesi yakanema ya dziko inadzatsegulidwa mu 1999. Lero m'timisika ta ku Bvumbwe, Luchenza ndi Thyolo boma, ana a otchola tiyi amaonera mafilimu akunja omasuliridwa m'Chichewa, ndipo nkhani za munthu wobwera kudzalipsira ndi zimene zimakoka anthu kwambiri.

Luso lopanga zathu lilipo. Filimu ya Shemu Joyah ya mu 2008, Seasons of a Life, ikunena za mtsikana wantchito wolakwiridwa ndi bwana wake, amene amapita kusukulu, kukhala loya, n'kudzamenyera mwana wake kukhoti. The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yochokera m'buku la William Kamkwamba, inasonyeza kuti buku la Mmalawi likhoza kusanduka filimu yolankhula Chichewa n'kuoneredwa padziko lonse. Buku la Mapanje la za kundende linasandutsidwapo kale sewero la pansanja. Nkhani za ku Luchenza mu 1953, za ku Kanjedza, za ku Mikuyu ndi za mabanja othamangitsidwa m'maesiteti zikudikira ojambula.

Wodzajambulayo asadzatengere mapeto otsekemera a ku Hollywood, chifukwa mbiri yathu yaonetsa kuti wolakwiridwa akapatsidwa mphamvu zopanda malire amatha kumanga ndende zazikulu kuposa imene anatulukamo, ndipo njira ya khoti imasanduka chipongwe chachiwiri ngati chipukutamisozi sichiperekedwa. Amene anagwira thangata ali ana ndi amene anaona za mu 1953 ndi maso awo akutha chaka ndi chaka. Inu amene muli ndi agogo oterewa ku Makwasa, ku Thekerani kapena kwa Bvumbwe, khalani nawo pansi, muwajambule mawu ngakhale pa foni, ndipo musunge matikiti, zitupa ndi makalata amene anatsala nawo. Boma nalo limalize kulipira amene linawalonjeza akadali moyo.